Zaka za Mphete ya Siliva

Ku England, alimi akatha kukolola tirigu m'mwezi wa Ogasiti kapena wa Sepitembala, m'minda mumaoneka anthu ena amene si alimi. Anthu amenewa amayenda pang'onopang'ono ataweramitsa mitu, monga achitira munthu amene wataya singano pa bwalo. M'dzanja amagwira ndodo imene kunsi kwake kuli chinthu chonga mbale, ndipo mbaleyo amaiyendetsa uku ndi uku pamwamba pa dothi. Ndodo imeneyi ndi makina ofufuzira zitsulo zobisika m'nthaka. Asanalowe m'munda, munthu aliyense wa makina otere ayenera kuyamba wapempha chilolezo kwa mwini munda.

M'kati mwa mbale ija muli waya wokulungidwa kambirimbiri. Magetsi ochokera m'mabatire akamayenda m'wayamo, amatulutsa mphamvu yonga ya maginito, imene imalowa m'dothi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo cha mtundu uliwonse, makina amalira, ndipo mwini wake amadziwa kuti pansi pali kanthu. Tinthu ting'onoting'ono makinawa amatimva tikakhala pafupi, kawirikawiri osapitirira masentimita 30 kupita pansi. Asilikali ndiwo ankagwiritsa ntchito makina otere pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pofunafuna mabomba okwiriridwa m'nthaka. Kuyambira zaka za m'ma 1970, anthu wamba ambiri a ku Britain adayamba kugula makina opepuka, namayenda nao m'minda pa masiku opuma.

Musaganize kuti makina akalira ndiye kuti munthu walemera. Minda ya ku England yakhala ikulimidwa kwa zaka zikwi zingapo, ndipo m'menemo mudagwa zinthu zosawerengeka. Munthu amatha kukumba tsiku lonse nangotola misomali, mabatani, zitsekerero za mabotolo ndi zitsulo za ku mapazi a akavalo. Koma tsiku lina, mwina patapita miyezi, m'chibuma cha dothi mumatuluka kanthu kakuda kozungulira. Akakapukuta pang'ono ndi chala, amaona kuti ndi mphete, kapena chibangili, kapena phini wokometsera chovala pa chifuwa. Pamenepo munthuyo amadzifunsa mafunso awiri. Kodi ameneyu ndi siliva weniweni? Nanga adasulidwa liti?

Mafunso amenewa si achibwana iai. Ku England kuli lamulo la m'chaka cha 1996, lonena kuti chinthu cha golide kapena cha siliva chimene chatha zaka 300 ndi chuma cha dziko. Amene wachitola ayenera kukanena kwa akuluakulu a boma asanathe masiku 14. Akachibisa angathe kulipitsidwa ndalama, kapena kuikidwa m'ndende kwa miyezi itatu. Tsono mphete ya zaka 150 munthu angathe kuisunga, kapena kugawana mtengo wake ndi mwini munda monga adapanganirana. Koma mphete ya zaka 400 siyoika m'thumba nkungokhala chete.

Mphete ilibe pakamwa poti nkutiuza zaka zake. Komabe ili ndi mboni zake, ndipo ntchito ya wofufuza ili ngati ya mfumu pa bwalo la milandu. Mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mboni imodzi. Imamva uyu, imamvanso uyo, kenaka nkuyerekeza mau ao.

Chachikulu n'chakuti mbonizo zifike pa bwalo zili zamoyo. Munthu wopupuluma amathamangira kukwecha mphete ndi mchenga kapena ndi mankhwala otsukira ziwiya kuti iwale. Potero amafafaniza tizizindikiro tating'ono timene tikadamuuza zonse, ndipo amachotsa golide wopyapyala amene amisiri ena ankakuta pamwamba pa siliva. Amene amaidziwa ntchito amangotsuka mpheteyo ndi madzi oyera, saiwongola ngakhale itapindika, ndipo amalemba malo enieni pamene aipeza. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mboni yoyamba kufunsidwa ndi chitsulo chenichenicho. Chitsulo cha khasu chikakhalitsa m'nthaka chimachita dzimbiri lofiira, ndipo mkuwa umabiriwira. Siliva amada bii, kapena amatuwa ngati phulusa, ngakhale kuti wosakaniza ndi mkuwa wambiri amatha kuonetsa timadontho tobiriwira. Maginito sakoka siliva, choncho mphete ikakakamira ku maginito, mlandu watha pomwepo. Kulemera nakonso kumathandiza. Siliva amalemera kuposa chitsulo cha khasu ndi mkuwa, koma amapepuka pomuyerekeza ndi mtovu. Mutayesa siliva wodzaza chikho ndi madzi odzaza chikho chomwecho, silivayo angalemere kakhumi ndi theka kuposa madziwo.

Koma pali zinthu zina zonyenga maso. M'chaka cha 1840 anthu a banja la Elkington, a mu mzinda wa Birmingham, adatenga chilolezo cha boma cha njira yokutira siliva wopyapyala pamwamba pa chitsulo chotsika mtengo pogwiritsa ntchito magetsi. Zinthu zotere zimawala bwino zikakhala zatsopano, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukayang'ana m'mphepete mmene mudaperepeseka, mumaona chitsulo cha m'kati chitasuzumira. Zambiri mwa izo zili ndi zilembo zinai, EPNS. Wotola akaona zilembo zimenezi amakhumudwa, komabe waphunzirapo kanthu: chinthucho si siliva yekhayekha, ndipo sichidapangidwe chisanafike chaka cha 1840. Pakakhalabe chikaiko, akatswiri a ku nyumba zosungiramo zinthu zakale ali ndi makina ounikira amene amanena kuchuluka kwa siliva popanda kudula kapena kukanda chinthucho.

Mboni imene imalankhula momveka kuposa zonse ndi zidindo. Mukatenga galasi lokuza zinthu nkuyang'ana m'kati mwa mphete kapena kumbuyo kwa phini, mwina mudzaona tizithunzi titatu kapena tinai tondandalikana, kalikonse kochepa ngati kambeu ka mapira. Kuti timvetse tanthauzo lake, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zopitirira 700.

Siliva wosasakaniza ndi wofewa kwambiri, kotero kuti mphete yake ingapindike msanga. N'chifukwa chake amisiri amamsakaniza ndi mkuwa pang'ono kuti alimbe. Koma apa mpamene padali polowera chinyengo. Mmisiri wosakhulupirika ankatha kuthira mkuwa wambiri, wogula osadziwa kanthu, popeza ndi maso okha munthu sangasiyanitse. Tsono m'chaka cha 1300 mfumu ya ku England, Edward I, idalamula kuti siliva yense wosulidwa akhale wofanana ndi wa ndalama za dziko. Pa magawo 1,000 alionse, magawo 925 ayenera kukhala siliva, ndipo 75 okha ndiwo akhale a chitsulo china. Siliva wotere Angerezi amamutcha sterling. Chinthu chikayesedwa nkupezeka chokwanira, ankachidinda ndi chidindo cha mutu wa kambuku. Pambuyo pake mutu wa kambukuwo udasanduka chizindikiro cha mzinda wa London, ndipo uli chomwecho mpaka lero.

M'chaka cha 1363 kudabwera lamulo lina, lakuti mmisiri aliyense akhale ndi chidindo chakechake, kuti wachinyengo asamabisale pakati pa anzake. Popeza anthu ambiri nthawi imeneyo sankadziwa kuwerenga, zidindo zoyamba zidali zithunzi, monga nsomba, mbalame kapena kiyi. Patapita nthawi amisiri adayamba kudinda zilembo zoyamba za maina ao.

Chaka chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi cha 1478. M'chaka chimenecho bungwe la amisiri a golide ndi siliva la ku London lidalemba ntchito munthu woyesa, ndipo amisiri adayamba kubwera ndi katundu wao ku nyumba ya bungwelo, yotchedwa Goldsmiths' Hall. Kumeneko woyesa ankapala kachidutswa kakang'ono, nkukasungunula pa moto kuti aone kuchuluka kwa siliva. Chinthu chikapezeka choperewera ankachiphwanya. Chikapezeka chokwanira ankachidinda, nkuonjezapo chilembo chimodzi cha alifabeti. Chilembocho chinkasintha chaka ndi chaka: chaka chino A, chaka chamawa B, chinacho C. Cholinga chao chidali chakuti chinthu chachinyengo chikadzapezeka pa msika, adzadziwe woyesa amene adachilola. Iwo sankaganiza n'komwe za anthu a makina ofufuzira, amene adabwera patapita zaka 500. Komabe chilembo chao chija ndicho chimatiuza lero chaka chimene mphete idayesedwa. M'chaka cha 1544 adaonjezanso chidindo cha mkango woyenda utatukula mwendo umodzi wakutsogolo, ndipo mkango umenewu ndiwo umachitira umboni kuti siliva wa ku England ndi wokwanira magawo 925.

London sudali mzinda wokhawo woyesa siliva. Mizinda ina nayonso idali ndi nyumba zoyesera, uliwonse ndi chidindo chake. Edinburgh, likulu la Scotland, amadinda nyumba ya malinga. Chester ankadinda mitolo itatu ya tirigu ndi lupanga, mpaka nyumba yake idatsekedwa m'chaka cha 1962. Amisiri a ku Birmingham poyamba ankavutika, chifukwa ankatumiza katundu wao kutali pa ngolo za akavalo kuti akayesedwe, ndipo wina ankabwerako ataonongeka. Mwini fakitale wina wotchuka, Matthew Boulton, adadandaula ku nyumba ya malamulo, ndipo m'chaka cha 1773 mizinda ya Birmingham ndi Sheffield idaloledwa kuyesa siliva payokha. Sheffield adatenga chidindo cha chisoti chachifumu, chimene adachisintha m'chaka cha 1975 nkuyamba kudinda duwa. Birmingham adatenga nangula wa chombo. Zimenezi n'zoseketsa ndithu, chifukwa Birmingham ali pakati pa dziko, kutali ndi nyanja. Anthu amasimba kuti amene ankakonza nkhaniyi ankakumana ku London m'nyumba ya alendo yotchedwa Crown and Anchor, ndiye kuti Chisoti ndi Nangula, ndipo adangogawana dzina la nyumbayo. Wofufuza m'minda amakumana ndi nangula kawirikawiri, pakuti Birmingham ndiwo udali mzinda wopanga mphete, maunyolo ndi maphini ambiri. Lero nyumba zoyesera zidatsala zinai: London, Birmingham, Sheffield ndi Edinburgh.

Tsono tiyeni tiwerenge zidindo monga achitira wofufuza. Iye sayamba ndi chilembo cha chaka iai. Amayamba wafunafuna mkango, kuti adziwe ngati ndi siliva. Kenaka amafunafuna chidindo cha mzinda. Chifukwa chake n'chakuti kale mzinda uliwonse unkawerenga zilembo mwa njira yakeyake, kotero kuti chilembo chimodzi chomwecho chinkaimira chaka china ku London, ndi chaka chinanso ku Birmingham. Mizinda yonse idayamba kudinda chilembo chofanana m'chaka cha 1975. Akadziwa mzinda, wofufuza amatsekula kabuku ka zidindo, m'mene mudalembedwa zilembo za mzinda uliwonse pamodzi ndi zaka zake.

Apa pali vuto limene mwina mwaliona kale. Zilembo za alifabeti n'zochepa, koma zaka n'zambiri. Ku London ankagwiritsa ntchito zilembo 20 zokha, kuyambira A mpaka U, kulumpha J, ndipo zikatha ankayambiranso. Pofuna kuti zaka zisasokonezeke, poyambiranso ankasintha kalembedwe. Ulendo uno zilembo zikuluzikulu, ulendo winawo zing'onozing'ono, winanso zokhotakhota zachikale. Ankasinthanso maonekedwe a kampanda kozungulira chilembocho. Ku Birmingham, mwachitsanzo, chilembo chaching'ono cha a chokhotakhota chimaimira chaka cha 1875, pamene chaching'ono cha a choongoka, chonga cha m'buku lanuli, chimaimira chaka cha 1900.

Nthawi zina ngakhale kalembedwe kamafanana. Ku London chilembo chaching'ono cha a choongoka chidadindidwa zaka zingapo, monga 1776, 1816 ndi 1896. Nanga wofufuza angasankhe bwanji? Amafunsa zidindo zinazo. Mpaka chaka cha 1821 kambuku wa ku London ankavala chisoti chachifumu, ndipo kuyambira chaka chimenecho adamuvula. Choncho kambuku akakhala wopanda chisoti, zaka za 1776 ndi 1816 zachoka, kwatsala 1896. Kambuku akakhala ndi chisoti, wofufuza amayang'ana chidindo china. Kuyambira chaka cha 1784 mpaka 1890 boma linkakhometsa msonkho pa siliva, ndipo posonyeza kuti msonkho waperekedwa ankadinda mutu wa mfumu imene inkalamulira. Mutu wa mfumu ukakhalapo pamodzi ndi kambuku wachisoti, chakacho ndi 1816, pakuti m'chaka cha 1776 msonkhowo kudalibe. Mwaona mmene mboni zitatu zimathandizirana?

Mutu wa msonkho umathandizanso ngakhale chilembo chitafafanizika. Ukakhala mutu wa munthu wamkazi, ameneyo ndi mfumukazi Victoria, amene adalowa ufumu m'chaka cha 1837, ndipo chinthucho chidayesedwa pakati pa chaka chimenecho ndi 1890. Koma kusowa kwa mutuwo si umboni wokwanira, chifukwa tinthu tina ting'onoting'ono sitinkalipiridwa msonkho. Tidziwenso kuti chilembo chakale chimagwira mbali za zaka ziwiri, popeza ku London ankachisintha m'mwezi wa Meyi, ndipo ku Birmingham m'mwezi wa Julayi.

Pali zinanso zoyenera kuchenjera nazo. Ena mwa opanga zinthu zokutidwa ndi siliva ankadinda tizizindikiro tofanana ndi zidindo zenizeni, kuti wogula wosayang'anitsitsa anyengeke. Wofufuza akaona tizithunzi tinai tokongola koma mkango palibe, amayamba kukaika. Ndipo mphete imene ili ndi nambala yokha ya 925, popanda chidindo china chilichonse, kawirikawiri siyakale kwenikweni.

Zikadakhala kuti mphete iliyonse ili ndi zidindo, bwenzi ntchitoyi ili yapafupi. Koma zoona zake n'zakuti zokometsera zambiri zotoledwa m'minda zilibe chidindo n'chimodzi chomwe. Zina zidasulidwa malamulo aja asanakhazikitsidwe. Zina zidasulidwa ndi amisiri a kumidzi, kutali ndi nyumba zoyesera. Zinanso zidali zazing'ono, ndipo lamulo silinkakakamiza kuzidinda. Ngakhale lero ku Britain chinthu cha siliva chosakwana magalamu 7.78 chimaloledwa kugulitsidwa chopanda zidindo. Tsono zidindo zikasowa, wofufuza amafunsa kapangidwe ka chinthucho.

Chinthu chosulidwa ndi manja chimaoneka. Chimakhala ndi timikwingwirima ta nyundo ndi ta tupa, ndipo mbali zake ziwiri sizifanana ndendende. Chopangidwa ndi makina chimakhala chosalala, chopyapyala, ndipo nthawi zambiri chimakhala champhako m'kati. Maphini otere adachuluka m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890. Nthawi imeneyo mtengo wa siliva udali utatsika, chifukwa cha migodi ikuluikulu imene idatsekulidwa ku America, monga ya ku Nevada. Mafakitale a ku Birmingham ankadinda maphini zikwizikwi okhala ndi maluwa, masamba, mbalame kapena dzina la mtsikana, ndipo ngakhale wantchito wa pa munda ankatha kugulira bwenzi lake. Kumbuyo kwa phini nakonso kumanena zambiri. Maphini a nthawi ya Victoria ali ndi kangowe wamba kopindika ngati chilembo cha C, ndipo singano yake nthawi zambiri imatalika nkupitirira m'mphepete. Kangowe kokhala ndi kotsekera kozungulira kadafala pambuyo pa chaka cha 1900.

Pa zinthu zakale kwambiri, wofufuza amayang'ana kalembedwe ka mau, ngati alipo. Anthu a ku England ankakonda kuzokota mau a pemphero kapena a chikondi pa mphete ndi pa maphini. M'zaka za m'ma 1200 mpaka cha m'ma 1350 ankazokota zilembo zikuluzikulu zonenepa ndi zozungulira. Pambuyo pake kudabwera zilembo zopanikizana zosongoka, zonga mpanda wa bango, zimene zidakhalapo mpaka cha m'ma 1500. M'zaka za m'ma 1600 kudafala zilembo zopendekeka zonga zolemba ndi dzanja. Maonekedwe a chinthu amathandizanso. Phini wozungulira ngati mphete, wokhala ndi singano yodutsa pakati, adali wofala m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300.

Mboni imeneyi ndi yothandiza, koma siyenera kukhulupiriridwa kwambiri. Kapangidwe sikatchula chaka, kamangoloza nyengo ya zaka 50 kapena 100. Mitundu ina idakhalitsa kopitirira apo. Mphete yokhala ndi manja awiri ogwirana chanza, imene anthu ankapatsana potomerana, idapangidwa kwa zaka mazana ambiri. Komanso amisiri amakonda kutsanzira zakale. M'chaka cha 1850 ku Ireland kudatoledwa phini wokongola kwambiri wa zaka za m'ma 700, amene amatchedwa Tara Brooch. Posakhalitsa sitolo ina ya mu mzinda wa Dublin idayamba kupanga maphini ofanana naye nkumagulitsa. Munthu wotola mmodzi mwa maphini otsanzirawa angadumphe ndi chimwemwe poganiza kuti wapeza chinthu cha zaka 1,300, chikhalirecho sichinakwane ndi zaka 200 zomwe.

Mboni yotsiriza ndi zinthu zimene chokometseracho chapezeka nazo pamodzi, makamaka ndalama. Anthu ena ankaboola ndalama za siliva nkuzilumikiza kukhala chibangili, kapena kuzimata singano kumbuyo kukhala phini. Ndalama za ku Britain, zonga masheleni amene adafikanso kuno kwathu nthawi ya Nyasaland, zidali za siliva wa magawo 925 mpaka chaka cha 1919. Kuyambira 1920 siliva adangokhala theka, ndipo kuyambira 1947 adachotsedwamo yense. Tsono taganizani za chibangili cha ndalama zisanu, za zaka za 1887, 1890, 1891, 1896 ndi 1902. Kodi chidalumikizidwa liti? Sitingatchule chaka chenicheni, koma tikudziwa kuti sichidalumikizidwe chisanafike chaka cha 1902, chifukwa mmisiri sakadaika ndalama imene idali isanapangidwe. Ndalama yatsopano kuposa zonse ndiyo imagamula.

Nzeru yomweyi ndiyo idathandiza pa chuma china chotchuka. M'mwezi wa Januwale chaka cha 1997 lamulo lija lidali lisanayambe kugwira ntchito, koma patapita zaka khumi, m'mwezi wa Januwale chaka cha 2007, lidayesedwa pa nkhani yaikulu. Bambo wina ndi mwana wake wamwamuna ankafufuza m'munda pafupi ndi tauni ya Harrogate, kumpoto kwa England. Makina atalira adakumba, napeza zidutswa za mtovu, ndipo pakati pake padali chikho cha siliva chokutidwa ndi golide, chodzaza dothi. Pamwamba pa dothilo pankaoneka ndalama. Munthu wina akadakhuthula chikhocho pomwepo kuti aone za m'kati. Iwo sadatero. Adachinyamula chili chomwecho, nakanena kwa akuluakulu, ndipo akatswiri a ku British Museum ndiwo adatulutsa za m'katimo chimodzichimodzi, akulemba mmene chilichonse chidakhalira.

Chuma chonsecho chidali ndalama zasiliva 617 ndi zinthu zina 65. Mwa zinthuzo mudali chibangili cha golide, mipiringidzo ya siliva, ndi zidutswa za zokometsera zasiliva zoduladula. Zidutswazo zidasonyeza eni ake. Adali a mtundu wa Viking, anthu oyenda pa nyanja ochokera ku Norway, Denmark ndi Sweden, amene nthawi imeneyo ankalamulira mzinda wa York. Iwo pogula malonda ankayesa siliva pa sikelo. Siliva akaperewera pang'ono, munthu ankangodula chidutswa cha chibangili chake nkuponya pa sikelopo. Ndalama zina za m'chikhomo zidachokera kutali kwambiri, monga ku Samarkand, mzinda umene lero uli m'dziko la Uzbekistan.

Pa zokometsera zonsezo padalibe kambuku, mkango kapena chilembo cha chaka, pakuti zidasulidwa zaka pafupifupi 400 mfumu Edward I isanapange lamulo lake. Akatswiri adafunafuna ndalama yatsopano kuposa zonse. Adapeza ndalama za mfumu Athelstan, ndipo pa imodzi yokha padalembedwa m'Chilatini kuti iye ndi mfumu ya Britain yense. Athelstan adayamba kudzitcha choncho atalanda mzinda wa York m'chaka cha 927. Popeza ndalama ya mtundu umenewu idali imodzi yokha, zikuoneka kuti ndalamazo zidali zitangoyamba kumene kuyenda m'manja mwa anthu. Motero akatswiri adagamula kuti chumacho chidakwiriridwa m'chaka cha 927 kapena 928, mwina ndi munthu amene ankaopa nkhondo, ndipo sadabwerenso kudzafukula.

Chaka chokwirira chinthu si chaka chochisula. Chikho chija, poona kapangidwe kake, chidasulidwa ku France kapena ku Germany cha m'ma 850, ndiye kuti chidali kale ndi zaka zopitirira 70 pamene chinkalowa m'nthaka. Tidziwenso kuti umboni wa ndalama umagwira ntchito pokhapokha zinthu zitakwiriridwa pamodzi. Mphete ndi ndalama zongopezeka m'munda umodzi sizichitirana umboni, chifukwa khasu la thirakitala limatembenuza dothi chaka ndi chaka, nkusakaniza zakale ndi zatsopano.

Wofufuza wa ku England kapena ku Wales akalephera kugamula yekha, ali nako kopita. Kuyambira chaka cha 1997 kuli ntchito yotchedwa Portable Antiquities Scheme, imene ku England imayendetsedwa ndi British Museum. M'zigawo za dziko muli akatswiri amene amalandira zinthu zotoledwa, nkuziyesa, kuzijambula ndi kulemba malo amene zidapezeka. Zinthu zimene zalembedwa kale zapitirira miliyoni imodzi ndi theka. Chinthu chikapezeka kuti ndi chuma cha dziko, nyumba zosungiramo zinthu zakale zimapatsidwa mwai wochigula pa mtengo wake weniweni, ndipo kawirikawiri ndalamazo wotola ndi mwini munda amagawana pakati. Chuma cha ku Harrogate, chimene tsopano chimatchedwa Vale of York Hoard, chidayesedwa mtengo wopitirira mapaundi miliyoni imodzi. M'chaka cha 2009 British Museum ndi bungwe losunga zinthu zakale la ku York adachigula mogwirizana, ndipo bambo uja ndi mwana wake adagawana ndalamazo ndi mwini munda.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani munthu wotola mphete ya siliva ku England ayenera kudziwa zaka zake?
2. Kodi amisiri amasakaniziranji siliva ndi mkuwa?
3. Tchulani mizinda imene zidindo zake ndi izi: nangula, mutu wa kambuku, nyumba ya malinga.
4. Phini wina ali ndi mkango, nangula ndi chilembo chaching'ono cha a choongoka. Kodi adayesedwa kuti, ndipo chaka chiti?
5. M'mphika wokwiriridwa mwapezeka chibangili ndi ndalama za zaka za 1790, 1812 ndi 1805. Munganene chiyani za nthawi imene mphikawo udakwiriridwa?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," ndipo mupereke chitsanzo chanuchanu.